Kalata kwa Nabanda: fomu yosintha mtedza ija

Mwana wanga Nabanda,

Kuno ku Thyolo tili bwino, kupatula bondo la amayi ako lomwe layambiranso ndi chiperoni. Lamulungu pa foni netiweki inkadukaduka, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere.

Ndamva kuti akupatsa ntchito yolemba change request, fomu yopempha kusintha kachitidwe ka ntchito, yoti fakitale yanu ya chiponde isiye mtedza wa Chalimbana, iyambe kugula CG7 kwa ogulitsa atsopano a ku Mchinji chifukwa ngotsikirako mtengo. Ndamvanso kuti abwana akufuna siginecha zonse zikhale zitatheka pofika Lachisanu. Usaope kuwapempha sabata ina. Kulemba fomuyo sikungakutengere ola limodzi, koma zofunika kulembamo sudzazipeza pa desiki pako.

Ndikuuze zomwe zinandichitikira ndili kapitawo pa fakitale ya tiyi. Akuluakulu anasintha wotibweretsera nkhuni. Pa pepala panalibe chachilendo: bulugamu yemweyo, mtengo wotsika. Koma bulugamu watsopanoyo ankabwera wosauma bwino, ndipo moto wa choumitsira unayamba kufooka. Tiyi amayenera kutuluka m'choumitsira ali ndi chinyezi cha maperesenti atatu kapena chapompo. A shifiti ya masana anazindikira, nachepetsa liwiro la makina. A usiku palibe anawauza. Iwo ankatsata pepala lakale lomata pakhoma, lija linachita chikasu ndi utsi, ndipo sanalakwe kanthu. Patapita masiku, olawa tiyi anangolavula n'kundiyang'ana. Chomwe chimandiwawabe mpaka lero n'chakuti panalibe amene analemba tsiku lomwe nkhuni zatsopano zinalowa m'ng'anjo. Sitinathe kusiyanitsa matumba abwino ndi oipa, choncho katundu yense wa masabata awiri anatsekeredwa, osapita ku okushoni ku Limbe.

Iwe ISO 9001 ya 2015, muyezo wa padziko lonse wa kayendetsedwe ka ntchito kuti katundu azituluka wabwino, ukuidziwa kuposa ine. Ndime 6.3 imafunsa cholinga cha kusinthako ndi zomwe kungabweretse, ngati dongosolo lonse likhalebe lolumikizana, ngati zipangizo ndi anthu zilipo, komanso ntchito ya yani igwera yani. Ambiri amayankha cholinga chokha, "kuchepetsa ndalama zogulira mtedza", kwinako n'kungolemba kuti palibe vuto. Odita, wodzafufuza ngati mukutsatira muyezowo, akabwera amayambira pomwepo.

Ndiye usanalembe, vala gamubutsi ulowe m'fakitale. Tenga Chalimbana dzanja limodzi, CG7 dzanja linalo, ukawaonetse amene amakazinga. Chalimbana ndi wamkulu maso, CG7 ndi wofiira, wocheperapo, ndipo mafuta ake ndi ambiri. Kodi nthawi yokazingira ikhala yomweyo? Nanga sefa? Nanga mafuta aja oyandama pamwamba m'botolo, makasitomala anu anawazolowera otani? Munthu amene waima pa makinawo zaka khumi adzakuuza m'mphindi zisanu zomwe msonkhano wa mabwana sungatulukire. Ndipo ukabwerenso usiku. Ndikunenetsa, usiku. Kusintha kumene a shifiti ya usiku akumva kwa mlonda pageti kumathera m'matumba otsekeredwa.

Chachikulu kwa ine ndi chuku. Ukudziwa kuti mavenda ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa komanso ulemere pa sikelo, ndipo poizoni wa aflatoxin amayambira pamenepo. Kukazinga sikumuchotsa yense. Ngati muli ndi maganizo ogulitsa ku Ulaya, malire a aflatoxin kumeneko pa mtedza wodya anthu ndi 4 ppb basi, kutanthauza magawo anayi pa biliyoni, ndipo ngakhale kuno a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ali ndi muyezo wawo. Ogulitsa akale mumawadziwa nkhokwe yawo ndi khalidwe lawo. Atsopanowa munangoona sampulo yomwe anasankha okha. Lemba m'fomumo kuti wina apite akaone kumene amasungira, kuti malole oyambirira aliyense ayezedwe ku labu asanatsitse, ndipo ndalama ya kuyezako uiwerengere pamodzi ndi mtengo wa mtedza. Mwina ukatero kutsika mtengo kuja kuchepa. Abwana akuyenera kuona nambala imeneyo asanasaine, ngakhale nkhope ichite tsinya.

Usasinthe zonse tsiku limodzi. Yambani ndi loti imodzi, muipatse nambala yakeyake, mulembe tsiku ndi ola lomwe CG7 walowa m'makina, musunge mabotolo angapo pa shelefu muone mmene akhalire pakatha mwezi. Ogulitsa akale musawatsanzike kaye. Fomu yako inene poyera kuti zikavuta mubwerera bwanji, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoimitsa makina popanda kudikira kuti kuche. Pamenepo palembedwe udindo wa munthu mmodzi. Ukalemba kuti "a production" ndiye kuti sunatchule aliyense.

Zikavomerezedwa, yenda wekha ndi mapepala atsopano a malangizo, uchotse akale onse, ndi aja anthu amapinda n'kusunga m'thumba la ovolosi. Amene waphunzitsidwa asaine. Ndime 8.5.6 imafuna kuti pakhale cholembedwa chosonyeza amene analoleza kusinthako ndi zomwe munapeza poonanso, choncho usatseke fayilo tsiku loyamba. Ika tsiku, mwina pakatha miyezi itatu, loti mudzakhale pansi ndi zotsatira za ku labu ndi madandaulo a makasitomala.

Ukanena kuti ndine wachikale sindikana, ife tinkalemba ndi kaboni. Koma ndikufuna undiuze zomwe wokazinga uja anene akaugwira mtedzawo m'manja.

Amayi ako akuti ukamabwera pa 6 Julayi utengeko mabotolo awiri, la Chalimbana ndi la CG7 ngati mudzakhale mutayesa, alawe okha pa futali. Upereke moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine,
Bambo ako