Alaliki asamathere pa Genesis 1:28

Akonzi,

Alaliki ambiri kuno ku Dedza akamaphunzitsa za chilengedwe amathera pa Genesis 1:28, pomwe Mulungu anapatsa munthu ulamuliro pa zamoyo zonse. Safika pa Genesis 2:15, pamene Adamu anaikidwa m'munda wa Edeni kuti aziulima ndi kuusamala. Mkhristu womva theka lokhali amaona nkhalango ya Chongoni ngati nkhokwe ya makala basi, chikhalirecho Salimo 24:1 likuti dziko ndi la Mulungu. Ife ndife akapitawo chabe.

Inde, mipingo imadzala mitengo chaka ndi chaka, koma yambiri imauma chifukwa amaidzala mu Malichi mvula ikutha, mizu isanagwire. Nazale ifesedwe mu Ogasiti. Maenje, akuya masentimita 30, akumbidwe mvula isanayambe. Mbande zidzalidwe mu Disembala kapena Januwale, ndipo pulasitiki ya chubu ichotsedwe, apo ayi mizu imapindikira momwemo. Zikatero pamatsala kupalira, kutchinga mbuzi ndi kulambula mozungulira pofika Juni, anyamata osaka mbewa asanayatse tchire. Ntchito yotsirizayi ndiyo akulu a mpingo amaiwala, mwina chifukwa siyibwera ndi atolankhani.

Wowerenga wanu,
Dedza