Kwa Mwana Wanga Amene Akupita ku Dublin

Mwana wanga,

Mlongo wako watiuza kuti Lachisanu likudzali unyamuka ku Manchester kupita ku Dublin kukapumulako masiku atatu. Ine ndakondwa, chifukwa chifikire kumeneko timangomva za ntchito usana ndi usiku. Koma atatchula amene ukupita naye, mayi ako anasamba m'manja nsima isanathe. Ndi mnyamata yemwe uja anakusiya ku Chigwirizano pakati pa usiku, foni ndi nsapato zitapita. Iwe unakhululuka, ife sitinaiwale.

Dublin ndi mzinda woyenda wapansi, usataye ndalama pa matakisi. Pamene ndinali kumeneko ku maphunziro aja, miyendo yomweyi ndi imene inandionetsa zonse, poti malo ambiri ali pafupipafupi kutsidya lino ndi kutsidya lija la mtsinje wa Liffey. Utenge nsapato zosathina ndi jekete, mvula yake ili ngati chiperoni cha ku Thyolo, imasiya n'kuyambanso. Chifuwa chako uchidziwa.

Ukayambire ku Trinity College, sukulu yaukachenjede imene inakhazikitsidwa mu 1592. M'menemo muli Book of Kells, Mauthenga Abwino anayi a m'Chilatini amene amonke analemba pamanja, pa zikopa za ana a ng'ombe, cha m'ma 800. Amalipiritsa pakhomo. Ukalipire, ndalama imeneyo sindikuidandaula.

Imene ndikuidandaula ndi ya ku Temple Bar, ndipo ndikudziwa kuti mnzakoyo akakukokera kumeneko dzuwa lisanalowe. Ndi timisewu tamiyala todzaza mabala ndi alendo, mowa wake wodula kuposa mbali zina za mzinda. Anthu akumeneko ali ndi mwambo wogulirana mosinthana: uyu agulira gulu lonse, kenako winayo, mpaka aliyense atagula. Mukakhala asanu ndiye kuti matambula asanu, ndipo wothawa pakati amaoneka woumira. Iwe ndi manyazi akowo sungathawe. Akakutengeranso ku St James's Gate, kofululira mowa wa Guinness, kumene Arthur Guinness anasaina mu 1759 pangano lobwereka malo kwa zaka 9,000. Tikiti yolowera imabwera ndi tambula ya mowa pamwamba pa nyumbayo, ndipo akakuuza kuti imodzi yokha siipha munthu. Malume ako ankatero. Bokosi lawo unanyamula nawo, ndipo ana awo ndife tinawalipirira sukulu. Sindikukalipa, mwana wanga, koma magazi ake ndi omwewo.

Ukawoloke pa Ha'penny Bridge, kamlatho kachitsulo ka 1816 kamene kale ankalipira powoloka, n'kukafika ku O'Connell Street. Pamenepo pali positi ofesi yaikulu imene anthu a ku Ireland analanda mu 1916 poukira Angerezi, chaka chimodzi chokha John Chilembwe ataukira kuno, ndipo mtsamunda wake anali yemweyo. Ana a sukulu ndinkawauza zimenezi chaka ndi chaka, iwe unkasinza kumbuyo.

Koma malo amene ndikufunitsitsa kuti ukaime ndi ku Custom House Quay, m'mphepete mwa mtsinje womwewo. Pali zosema za anthu oonda, ovala sanza, atanyamula timitolo, wina atasenza mwana paphewa. Mu 1845 mbatatesi inayamba kuola m'minda, ndipo m'zaka za njala zotsatira anafa anthu pafupifupi 1 miliyoni, enanso ochuluka chomwecho anakwera zombo kuthawa dziko lawo. Ine nditaima pamenepo ndinakumbuka agogo ako akusimba za njala ya 1949, momwe ankakumba mizu kuthengo, amuna n'kumapita kukasaka chakudya osabwerako. Ena mwa azungu amene ukawaone akuseka m'mabalamo ndi zidzukulu za anthu amene anachoka kwawo chifukwa cha njala. Nawenso sunachoke kuno chifukwa chokhuta.

Pafupi pomwepo pali mlatho wotchedwa dzina la Matt Talbot. Anali munthu wa ntchito zamanja wa mu Dublin momwemo, anayamba mowa ali kamnyamata, mpaka kumapinyolitsa nsapato zake. Tsiku lina mu 1884 alibe ndalama, anaima panja pa bala kudikira anzake kuti amugulire, onse anangomudutsa. Anapita kukalumbira pamaso pa wansembe kuti wasiya, ndipo sanamwenso mpaka imfa yake mu 1925. Ukamuwolotse mnzakoyo pa mlathowo, ukamuuze nkhaniyi. Akaseka, umudziwe.

Pasipoti isakachoke m'thumba lamkati. Kumeneko ndalama yake ndi euro, osati mapaundi, tsono usinthe zokwanira chakudya ndi matikiti, khadi lakubanki lisalowe nawe m'bala. Fizi ya mng'ono wako ya teremu ikubwerayi unalonjeza wekha, ife sitinakupemphe. Ndabwerezanso, ndikudziwa, koma mowa ayi.

Mayi ako akuti utiimbire pa WhatsApp madzulo aliwonse, ya vidiyo, akufuna azikuona m'maso. Lamulungu usajombe Misa, matchalitchi ali paliponse. Chimanga tinakolola bwino, koma bondo lija likundivutabe.

Ndine bambo ako.