Khonsolo ilowererepo pa nkhani ya lendi

Akonzi,

Lendi kuno ku Mangochi yafika posauzana. Madzi a nyanja atakwera mu 2024, mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire adathawira kumtunda, ndipo eni nyumba ena adapezerapo danga lokweza mitengo. Kachipinda kopanda siling'i, malata adzimbiri, chimbudzi chimodzi mabanja anayi, koma mtengo wake ngati ukugona ku hotela ya Nkopola. Nanga mphunzitsi wa pulayimale kapena wakabaza akwanitsa bwanji?

Khonsolo imatolera misonkho ndiponso imavomereza mapulani a nyumba. Bwanji osapatula malo pafupi ndi Boma, n'kugwirizana ndi Malawi Housing Corporation kuti pamangidwe nyumba zing'onozing'ono za lendi yotsika? Makhansala athu aikambirane nkhaniyi mvula isanayambe.

Wokhudzidwa,
Mangochi Boma