Lipoti la msonkhano wokambirana za kamangidwe ka mapiramidi a ku Egypt

Apampando, a komiti, ndi aphunzitsi anzanga nonse a phunziro la mbiri yakale m'dera lathu lino, ndabwerako bwino ku msonkhano umene munandituma uja. Zikomo chifukwa cha ndalama ya thiransipoti ndi ya malo ogona imene munasonkha. Tinakhala masiku atatu. Tinalipo aphunzitsi a masukulu osiyanasiyana, aphunzitsi awiri a kuyunivesite, ndi bambo wina wachikulire amene wakhala akumanga nyumba ndi milatho moyo wake wonse. Funso limene munandipatsira ndi lija limatisowetsa mtendere m'kalasi chaka ndi chaka: mwana akabwera ndi kanema wa pa foni wonena kuti mapiramidi anamangidwa ndi zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena, timuyankhe chiyani?

Chachikulu chimene ndabwera nacho ndi chakuti mafunso alipo awiri, ndipo ife timawaphatikiza. Loyamba ndi lakuti anamanga ndani. Pa limeneli anthu ofukula zakale sakangana konse. Lachiwiri ndi lakuti miyala ankaikweza bwanji mpaka pamwamba. Apa mkangano ulipodi, ndipo sunathe. Opanga makanema aja amatenga mkangano wa funso lachiwiri n'kuuika pa funso loyamba, mwana n'kuganiza kuti palibe chodziwika chilichonse.

Tsiku loyamba tinayamba ndi kukula kwa piramidi ya mfumu Khufu ya ku Giza, imene inamangidwa cha m'ma 2560 Khristu asanabadwe. Itangomalizidwa inali yotalika mamita 146, ndipo mbali iliyonse ya pansi ndi mamita 230. Akatswiri amawerengera kuti muli miyala pafupifupi 2,300,000, wina ndi wina wolemera matani awiri ndi theka tikatengera pakati. Mphunzitsi wa masamu amene tinali naye anapita pabolodi n'kugawa miyalayo pa zaka 20, yankho lake n'kupezeka kuti ndi miyala yopitirira 300 pa tsiku, kapena mwala umodzi pa mphindi ziwiri zilizonse ngati ankagwira maola 10. M'chipinda munamveka kung'ung'udza. Mayi wina anati iye ndi pomwepa pamene amagonja, chifukwa ana akamufunsa zimenezi sayankha. Bambo omanga aja anangoti mwala umodzi pa mphindi ziwiri ndi wovuta ngati gulu lili limodzi, koma magulu akakhala makumimakumi, lililonse ndi mwala wake ndi malo ake, nkhani yasintha. Anawonjezera kuti miyala yambiri sinachokere kutali, inasemedwa pomwepo pa Giza, ndipo maenje amene anasemamo alipo mpaka lero kum'mwera kwa piramidiyo.

Kenako tinalowa mu umboni wa anthu amene anagwira ntchitoyo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene panandikhudza kwambiri. M'chaka cha 2013, gulu la ofukula zakale lotsogozedwa ndi Pierre Tallet wa ku France linapeza mapepala a gumbwa ku Wadi al-Jarf, doko lakale la m'mphepete mwa nyanja ya Red Sea. Ndi mapepala olembedwa a gumbwa akale kwambiri amene apezekapo. Ena mwa iwo ndi kaundula wa tsiku ndi tsiku wa kapitawo wina dzina lake Merer, amene ankayang'anira anthu pafupifupi 40. Ntchito yawo inali kunyamula miyala yoyera ya laimu pa ngalawa kuchokera ku Tura, tsidya lina la mtsinje wa Nile, kupita nayo ku Giza. Miyala yoyerayi ndi imene inakuta piramidi kunja. Merer ankalemba tsiku limene apakira, kumene agona, ndi tsiku limene afika, ndipo amatchula Ankhhaf, m'bale wake wa mfumu Khufu, monga mkulu woyang'anira. Atationetsa chithunzi cha pepalalo pakhoma ndinaona mizere ndi timabokosi ta masiku, ina yolembedwa ndi inki yakuda, ina yofiira, monga mmene ife timalembera kaundula wa ana m'mawa uliwonse. Anzanga, munthu ameneyu analipo, ankadzuka m'mawa kukawerenga anyamata ake.

Umboni wina uli pa Giza pomwepo. M'chaka cha 1990 hatchi inapunthwa pa khoma la njerwa lokwiririka mumchenga, ndipo pofukula, Zahi Hawass ndi anzake anapeza manda a anthu ogwira ntchito. Mafupa awo amaonetsa misana yopweteka ndi katundu wolemera, komanso mafupa othyoka amene analumikizidwa n'kupola, kusonyeza kuti panali owasamalira akavulala. Pafupi ndi pamenepo, pamalo otchedwa Heit el-Ghurab, Mark Lehner anafukula mudzi wonse: nyumba zazitali zogonamo, malo ophikira buledi, ndi mafupa ambirimbiri a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zimene ankadya. M'kati mwa piramidi ya Khufu, m'timazipinda ta pamwamba pa chipinda cha mfumu, magulu a antchito analemba maina awo ndi utoto wofiira, lina mwa iwo lotanthauza kuti abwenzi a Khufu.

Apa mphunzitsi wina, amenenso ndi mkulu wa mpingo, anafunsa ngati awa sanali ana a Israyeli aja ali mu ukapolo. Linali funso labwino chifukwa ana athu ambiri amaganiza choncho. Tinatsegula Eksodo mutu woyamba, ndipo pamenepo akunena za dothi, njerwa, ndi mizinda yosungiramo zinthu ya Pitomu ndi Ramesesi. Za piramidi palibe. Komanso mapiramidi a ku Giza ndi akale ndi zaka zopitirira 1,000 kuyerekeza ndi nthawi ya mafumu otchedwa Ramesses. Koma tisafulumirenso kuuza ana kuti antchitowo anali odzipereka okha mwachimwemwe. Panali amisiri okhazikika, ndiponso anthu wamba otengedwa m'midzi mosinthanasinthana kukagwira ntchito ya mfumu ngati msonkho. Ine ndinati mwana wa kuno akhoza kumva msanga tikatchula thangata, amene anayamba ngati kuthandizana kenako n'kusanduka chokakamiza m'minda ya atsamunda. Ena anavomera, ena anati kufanizirako kuli ndi malire ake, ndipo ndikuvomereza kuti ali ndi mfundo.

Tsiku lachiwiri ndilo linali la mkangano weniweni. Za kukoka mwala pansi panalibe vuto. M'manda a mkulu wina dzina lake Djehutihotep muli chithunzi cha amuna 172 akukoka chifanizo chachikulu chomangidwa pa chileyi, chija chopanda mawilo, ndipo kutsogolo kwake munthu akuthira madzi pansi. Mu 2014 akatswiri a ku University of Amsterdam anayesa n'kupeza kuti mchenga ukanyowa pa mlingo woyenera, mphamvu yokokera imatsika mpaka theka. Ife tinatuluka panja kukayesa. Panali mulu wa mchenga womangira, tinaumwaza, tinaika njerwa pa thabwa n'kumanga chingwe. Pa mchenga wouma thabwa linkazika mphuno, mchenga n'kuunjikana kutsogolo kwake ngati mzere wa m'munda. Titawaza madzi ndi kheni, mchenga unalimba, thabwa n'kumayenda pamwamba, ndipo mayi mmodzi anakoka yekha katundu amene tinkalimbana naye awiri. Wina atathira ndowa yonse panakhala matope ndipo zinavutanso. Chimenechi tingachite pa sukulu iliyonse.

Vuto lili pa kukweza. Ganizo lakale ndi lakuti anaunjika chitunda chimodzi chowongoka chotsamira piramidi, n'kumakokerapo miyala. Koma kuti chifike pansonga popanda kutsetsereka kwambiri chikanatalika kupitirira kilomita, ndipo dothi lake likanafanana ndi kumanga piramidi ina. Ena amati chitundacho chinkazungulira piramidi kunja. Bambo omanga aja sanakhutire nazo. Anati mmisiri amayang'ana ngodya tsiku lililonse, ndipo ukakwirira ngodya zinayi ndi dothi sungadziwe ngati khoma likupita mokhota. Tinamvanso za Jean-Pierre Houdin, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku France, amene mu 2007 anafalitsa ganizo lakuti njira yokwezera miyala inkazungulira m'kati mwa piramidi momwemo. Ganizoli ndi lokoma kumva, koma njira yakeyo sinaonekebe ndi maso. Herodotus, Mgiriki amene anacheza ku Egypt patadutsa zaka pafupifupi 2,000 piramidi itamangidwa, analemba kuti ankatukula miyala sitepe ndi sitepe ndi zipangizo za mitengo yaifupi, komanso kuti antchito anali 100,000. Ofukula a masiku ano amaika chiwerengero pa 20,000 mpaka 30,000.

Chimene chinandithandiza ine ndi masamu enanso. Piramidi ndi yonenepa pansi, yowonda pamwamba. Ukafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake, miyala 70 pa 100 iliyonse yaikidwa kale. Ndiye n'zotheka kuti pansi anagwiritsa chitunda chachikulu, pamwamba n'kusintha njira. Ndipo mu 2018, pamalo osema miyala a Hatnub, anapeza chitunda chotsetsereka kwambiri cha nthawi ya Khufu, chokhala ndi masitepe mbali zonse ziwiri ndi maenje ozikamo nsanamira zokulungapo zingwe. Si pa Giza, koma chikusonyeza kuti anthu amenewa ankadziwa kukweza mwala pamalo otsetsereka kuposa mmene ambiri ankaganizira. Chovutabe kwa ine ndi miyala ya giranaiti ya denga la chipinda cha mfumu, ina yolemera matani opitirira 50, yochokera ku Aswan, mtunda wa makilomita pafupifupi 800. Kuti inabwera pa madzi n'zomveka. Mmene anaifikitsira pamalo pake ndi pamene akatswiri akukokanabe.

Tinadutsa mwachangu pa maganizo ena awiri. Joseph Davidovits amati miyala ina sinasemedwe koma inaumbidwa pomwepo ngati konkire. Akatswiri ambiri a miyala sagwirizana naye, popeza miyalayo imafanana ndi ya m'maenje osemamo ndipo ndi yosiyanasiyana kukula, pamene chikombole chimatulutsa zofanana. Palinso gulu la ku France limene mu 2024 linati piramidi ya mfumu Djoser inamangidwa pokweza miyala ndi mphamvu ya madzi, ndipo ofukula ambiri akuzikayikira. Tinagwirizana kuti anthu oterewa tisawaike thumba limodzi ndi a makanema aja, chifukwa iwo akunena chinthu chimene munthu angathe kuyesa n'kuchitsutsa.

Tsiku lachitatu m'pamene mitima inatentha. Mnyamata wina, mphunzitsi watsopano, ananena mosabisa kuti iye amakhulupirira kuti panali anthu ena anzeru zapamwamba amene anazimiririka, chifukwa ntchito yosalala chotere singangotulukira mwadzidzidzi. Anamuyankha ndi zithunzi. Piramidi ya Djoser ku Saqqara, yakale kuposa ya Khufu, imene amati anaikonza ndi Imhotep, nduna ya mfumuyo, ndi ya masitepe asanu ndi imodzi osanjikizana. Ya ku Meidum inagumuka kunja kwake. Sneferu, bambo ake a Khufu, anamanga ina ku Dahshur imene anayamba moimirira kwambiri, ndipo itayamba kuvuta anasintha kapendekedwe pakatikati, mpaka lero imaoneka yopindika. Atatero anamanganso ina yofiira pafupi pomwepo, n'kuikhoza. Ndi anthu ophunzira polakwitsa, mwana kutengera pamene bambo anasiyira.

Mayi wina wachikulire anaimirira n'kutikumbutsa za Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wa makoma a miyala a ku Zimbabwe. Karl Mauch atafika kumeneko mu 1871 anati ndi ntchito yokhudzana ndi mfumukazi ya ku Sheba. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula n'kusonyeza kuti anamanga ndi anthu a mu Africa momwemo, komabe boma la Rhodesia linapitiriza kuphimba zimenezo, mpaka wofukula zakale Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kunena bodza. Mayiyo anati sanamvepo munthu akunena kuti nyumba zakale za ku Rome zinamangidwa ndi zolengedwa za kumwamba, koma chinthu chachikulu chikapezeka ku Africa kuno, mwini wake amafunidwa kwina. Mnyamata uja anati iye sanaganizepo motero ndipo sankafuna kunyoza aliyense. Ndikumukhulupirira. Ana athu nawonso sanyoza, amangodabwa, ndipo kudabwako n'kwabwino. Pa nthawi ya tiyi ndinamuona atakhala ndi mayi aja akukopera zithunzi za Dahshur m'foni mwake.

Tinauzidwanso kuti ntchito yofufuza ikupitirira. Mu 2017 gulu la ScanPyramids linapeza mphako yaikulu, yotalika mamita osachepera 30, m'kati mwa piramidi ya Khufu popanda kuswa mwala, ndipo mu 2023 analengeza za kanjira ka mamita 9 chakumpoto. Mu 2024 Eman Ghoneim ndi anzake anasonyeza kuti panali nthambi ya Nile yotalika makilomita 64, imene inauma, yodutsa pafupi ndi mapiramidi 31. Zimenezi zikugwirizana ndi ngalawa za Merer zija.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti pa msonkhano wathu wotsatira mundipatse ola limodzi. Ndikufuna tiyese limodzi za mchenga zija, kenako tigwirizane mmene tingakonzere mtsutso wa ana a Fomu 1 ndi Fomu 2, gulu lina litenge chitunda chowongoka, lina chozungulira, lina cha m'kati, ndipo aliyense anene umboni wake ndi pamene ganizo lake likufooka. Mwana wobwera ndi kanema tisamukalipire, timupatse mpata aonetse, kenako timufunse kuti ganizo lakelo likufotokoza bwanji manda a antchito ndi kaundula wa Merer. Zithunzi zonse ndili nazo pa fulashi, amene akufuna abwere ndi yake. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa amsungichuma pamodzi ndi ndalama yotsala. Thabwa ndi chingwe ndibweretsa ine, koma sukulu imene tikakumaneko itikonzere wilibala ziwiri za mchenga wouma ndi njerwa khumi.