Kalata kwa mwana wa achimwene anga amene akukwanitsa zaka 7

Chilomoni,
Blantyre.

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako, abambo ako ndi mlongo wako wakhandayo. Kuno tonse tili bwino, kungoti kwazizira. Chiperoni chafika, moti m'mawa phiri la Michiru silikumaoneka n'komwe chifukwa cha nkhungu, ndipo asuweni ako akumavuta kutuluka m'bulangete. Kwanu ku Bangwe ndiye ndikudziwa, mphepo yake sichita masewera. Uzivala juzi popita kusukulu.

Kalatayi ndi yako, si ya abambo ako ayi. Uwerenge wekha pang'onopang'ono monga amakuphunzitsira aphunzitsi a Sitandade 2, ndipo pamene pakuvuta uwaitane akuthandize.

Abambo ako anandiuza pafoni kuti unawafunsa ngati tsiku lako lobadwa likumbukiridwe chaka chino, poti aliyense wobwera pakhomopo akungofunsa za khanda. Funso limeneli linandigwira mtima. Tamvera tsono: tsiku lako lilipo, ndipo phwando lake lichitikira kwanga kuno, Loweruka la sabata yamawa, 2 koloko masana. Lidzakhala phwando la tiyi, la makapu ndi masosala, ngati la anthu akuluakulu, ndipo mwini wake ndiwe.

Ndikufuna udziwe chimene chachititsa kuti pakhomo panu pakhale piringupiringu chotere. Amayi ako angotuluka kumene m'chikuta. Mlongo wakoyo sadziwa usiku kapena usana, akamva njala amangolira, ndiye amayi ako sakugona mokwanira. Matewera akachapa sakuuma chifukwa dzuwa likusowa. Agogo ako abwera kuchokera ku Chiradzulu kudzathandiza, koma nawonso mtima uli kumudzi, kumene chimanga chikudikira kutonoledwa ndi kuthiridwa mankhwala anankafumbwe asanalowemo. Pamwamba pa izo pali chinkhoswe cha amayi ako aang'ono mwezi wamawa. Miyezi ino ndiyo ya zinkhoswe ndi maukwati, chifukwa mvula yatha, misewu yauma ndipo anthu akolola, choncho Loweruka ndi Lamulungu abambo ako amakhala ali kumsonkhano wa komiti. Inenso sindikukhala pansi. Ndikaweruka kuntchito ndimakhala ndi asuweni ako amene akukonzekera mayeso a teremu yachitatu, Lachinayi ndili ku Mvano, kwinaku telala akundidikira ndi nsalu ya pachinkhoswe.

Akuluakulu tikatanganidwa timayenda mothamanga, timayankha mwachidule, nthawi zina mawu amatuluka okwera. Ukamva amayi ako akuti "dikira kaye" usamaganize kuti mtima wawo wachoka pa iwe. Ndi iwo amene anandiimbira kundikumbutsa tsikuli ndi kundiuza kuti umakonda zitumbuwa kuposa mandasi. Ine ndinangowauza kuti apume, ntchito yonse aisiye m'manja mwanga. Iwe ndi wanganso, paja mwana wa achimwene anga sangasowe phwando azakhali ake ndilipo.

Tsopano ndikuuze zimene ndakonza. Zitumbuwa zidzakhalapo zambiri. Nthochi ndagula kale ndipo ndaziika m'thumba kuti zipse bwinobwino, chifukwa chitumbuwa chokoma chimafuna nthochi yakupsa mpaka khungu litayamba kuda. Padzakhalanso chigumu cha agogo ako, mtedza wokazinga, mbatata yophika ndi manachesi a ku Mwanza, amene adzaza mumsika masiku ano. Keke ndiphika ndekha. Magetsi akadzazima usadzadandaule, chifukwa njira ina ilipo imene anandiphunzitsa agogo akowo. Timathira mchenga mumphika waukulu n'kuuteleka pambaula. Mchenga ukatentha timakhazikapo chitini cha keke, n'kuvundikira ndi lata, pamwamba pa latapo n'kuikapo makala amoto. Moto wapansi ukhale wochepa, wapamwamba wochulukirapo, ndipo osamavundukula pafupipafupi chifukwa keke imaphwa. Ukabwera Lachisanu madzulo udzaona ndi maso ako, udzandithandizanso kuswa mazira ndi kusefa ufa. Makandulo 7 ndasunga m'kabati, asuweni ako sakudziwa pamene ali.

Koma mwini phwando la tiyi ayenera kudziwa kumene tiyi amachokera, kuti alendo akafunsa asasowe chonena. Masamba akuda aja amene amayi ako amatapa m'paketi amayamba ali obiriwira. Ukakwera minibasi pa Limbe, pafupi ndi kwanu pomwepo, n'kudutsa pa Bvumbwe, umayamba kuona minda ya tiyi ya ku Thyolo, yobiriwira mbali zonse za msewu, ndipo ukapitirira mpaka ku Mulanje umaipezanso m'munsi mwa phiri lalikulu lija. Anthu amayenda m'mizere atabereka madengu kumsana, ndipo sathyola tsamba lililonse ayi. Amasankha nsonga yanthete, masamba awiri ndi kamphukira kake. Ntchitoyi imachuluka nthawi ya mvula, ndiye ganiza, munthu kuyambira m'mamawa ali m'munda, mvula ikumugwa, dzanja likungothyola. Masambawo akafika kufakitale amawafotetsa, makina amawadula tizidutswa, amawasiya mpaka asinthe mtundu, kenaka amawaumitsa ndi mpweya wotentha. Tiyi wina amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe komweko n'kupita kutali, ku Britain ndi ku South Africa. Anthu a kumeneko amamwa tiyi wa kwathu kuno.

Nkhani ya tiyi inayambira mu Blantyre mwathu muno. Mbewu zoyamba anazidzala pa Mishoni, paja pali tchalitchi cha njerwa cha St Michael and All Angels chimene umachikonda chija. M'chaka cha 1891, chaka chomwe tchalitchicho chinatsegulidwa, mzungu wina dzina lake Henry Brown anayamba kulima tiyi ku Mulanje. Agogo a agogo ako mwina anali asanabadwe. Shuga amene tidzathire ndi wa nzimbe za ku Nchalo, ku Chikwawa. Ine ndimaona kuti ndi bwino mwana adziwe kuti m'kapu imodzi muli thukuta la anthu ambiri, ndipo n'chifukwa chake sindifuna kudzaona tiyi wotsala m'makapu.

Wa ana udzakhala wamkaka wambiri, masamba pang'ono, wofunda chabe. Ketulo ndi mbaula ndi za ine ndekha, ndipo mbaulayo idzakhala panja pakhonde, chifukwa utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha. Iwe ndi anzako simudzayandikirako.

Ntchito yako ndi iyi. Alendo akamafika udzawalonjera pakhomo ndi kuwaonetsa pokhala. Asanadye udzazungulira ndi beseni ndi jagi kuti asambe m'manja, msuweni wako wamkulu adzakunyamulira madziwo. Kapu yoyamba ndi ya agogo ako. Udzainyamula pa sosala ndi manja awiri, kuyenda pang'onopang'ono, kugwada, n'kuwapatsa. Ikadzatayikira pang'ono palibe adzakukalipire. Ndikudziwa kuti agogo ako adzasangalala kwambiri, chifukwa akhala akundiuza kuti wakula ndipo wayamba kutsuka mbale osatumidwa. Mphatso iliyonse, kaya ndi sopo, kaya ndi pensulo, kaya ndi nthochi ziwiri, udzalandira ndi manja awiri n'kuthokoza chimodzimodzi.

Sankha anzako anayi a kwanuko oti abwere nawe. Makolo awo ndilankhula nawo ine. Ana a pafupi nafe pano nawonso adzabwera, ena oitanidwa, ena adzangomva fungo la zitumbuwa n'kuima pampanda. Amenewonso tidzawalowetsa, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndachulukitsa ufa dala. Mukatha kudya bwalo ndi lanu: fulaye, jingo, phada, chibisalirano, mpaka 5 koloko, kuti a ku Bangwe akafike kusanade.

Amayi ako akuti akadzuka ndi mphamvu adzabwera ndi khandalo, atalifunditsa bwino. Akadzalephera chifukwa cha mphepoyi, tidzawadulira keke yaikulu, ndipo udzapita nayo wekha. Ndikupempha kanthu kamodzi: masiku atsalawa uziwathandiza kupinda matewera ndi kumuimbira mlongo wako akamalira. Iye sakudziwabe kuti ali ndi achemwali ake, udzamuphunzitsa ndiwe.

Abambo ako adzakuperekeza Lachisanu ukaweruka kusukulu. Mudzakwera minibasi mpaka ku Limbe, ina mpaka m'tauni, kenaka ya ku Chilomoni. Usaiwale diresi yako yachikasu, nsapato za kutchalitchi ndi mswachi. Tsitsi tidzakuluka konkuno Loweruka m'mawa.

Undiyankhe ndi dzanja lako, ngakhale mizere itatu yokha, undiuze mayina a anzako anayiwo ndiponso ngati ukufuna keke ya chokoleti kapena ya nthochi. Kalatayo upatsire abambo ako, tikumana nawo kumsonkhano wa komiti Lamulungu. Upereke moni kwa agogo ako ndi amayi ako. Asuweni ako akuti ubwere ndi chingwe chako cha jingo, chawo chinaduka.

Ndine,
Azakhali ako okukonda.