Ndalama za CDF zifikenso pakati pa tauni

Akonzi,

Mundilole ndinenepo za thumba la CDF, ndalama za boma za chitukuko cha m'dera la phungu, ndi pakati pa tauni yathu ya Lusaka. Mu 2022 boma linakweza thumbali kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Chaka chimenecho mzindawu unali ndi aphungu 7, kutanthauza ndalama zoposa K250 miliyoni. Koma mvula ikangogwa ola limodzi, pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower madzi amasefukira, okwera minibasi n'kumadumpha pa njerwa nsapato zili m'manja.

Gwero lake n'lakuti CDF imatsata kumene anthu amagona. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi, WDC, n'kupita ku komiti ya CDF ya dera la phungu, kenako akatswiri a khonsolo amaliunika lisanavomerezedwe. Mayi wogulitsa tomato ku msika wa Soweto amagona ku Kanyama kapena ku Chawama, ndipo pamsonkhano wa wadi yake amapempha mpopi ndi kalasi ya ana. Palibe angamudzudzule. Koma malo amene amapezerapo chakudya amatsala opanda wowalankhulira.

Makomiti a m'misika ndi eni mashopu a mu Freedom Way, Chachacha ndi Lumumba ayambe afunsa ku Civic Centre, ku maofesi a khonsolo, kuti msewu wawo uli mu wadi iti, adziwane ndi kansala wake, pempho lilowe fomu zikangotuluka. Malangizo a CDF a 2022 amati akachotsa 5 peresenti yoyendetsera ntchito, 60 peresenti ya zotsala ndi ya zomangamanga za anthu onse. Ngalande, zimbudzi, magetsi a mumsewu ndi mashedi a msika zimalowa pamenepo.

Pempho longoti "tikonzereni ngalande" limafera m'kabati. Lembani kumene ikuyambira, kumene ikuthera, mamita angati, ndiponso kumene madziwo akatayikire. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimalakwika. Lusaka ndi yathyathyathya, pansi pali mwala wa laimu, ndipo m'dzinja madzi apansi amakwera msanga. Kontilakitala akakumba asanapime kutsetsereka kwa malo, amamanga damu lalitali la udzudzu. Ngalande yaing'ono iyenera kulumikizidwa ku yaikulu yotulutsa madzi mumzinda, ndipo khalavati ya pansi pa msewu isachepe kuposa ngalande yoithira. Pamwamba pakhale zivundikiro za konkire zoti anthu awiri angathe kunyamula pokonza, ndi sefa yazitsulo yotchinga mabotolo apulasitiki. Zivundikiro zachitsulo musayerekeze, sizichedwa kupezeka kwa ogula zitsulo zakale. Ntchito ichitike pakati pa Meyi ndi Okutobala; konkire yothiridwa mu Januwale imakokoloka isanalimbe. Pempho linenenso amene azidzachotsa zinyalala, chifukwa CDF imamanga koma sisesa. Amene anaona kolera ya 2017 mpaka 2018, ogulitsa atachotsedwa m'misewu, akudziwa mtengo wa ngalande yotsekeka.

Gawo la achinyamata ndi amayi, 20 peresenti m'malangizo a 2022 aja, ndi nkhani ina. Mbali yaikulu ndi ngongole yobweza, yotsalayo ndiyo yaulere. Gulu likhale lolembetsedwa, kopaletivu ikhale ndi anthu osachepera 10, TPIN (nambala ya msonkho) ya ku bungwe lotolera misonkho la ZRA ndi akaunti ya ku banki m'dzina la gulu. Magulu opangidwa usiku umodzi atamva kuti ndalama zabwera amagawana n'kubalalika. Komiti iziyamba yaona amene ali kale ndi kantemba kapena chilimba choyenda bwino, ndipo khonsolo iziika pa bolodi la msika dzina la kontilakitala, mtengo wa ntchito ndi tsiku lomaliza, kuti ogulitsa adziwe womufunsa.

Wowerenga wanu,
Kamwala, Lusaka