Lipoti la msonkhano wa za mano ndi kuzindikira mitembo

A pampando ndi anzanga nonse ogwira ntchito za mano, ndabwerako komwe munandituma. Zinakambidwa zambiri, koma ndikhazikika pa gawo limodzi lomwe linandigwira mtima: kuyeza mano pofuna kudziwa ngati malemu anali wamwamuna kapena wamkazi.

Dzino siliola msanga, ndipo limapirira moto ndi matope kuposa mnofu. Omwe amasiyana kwambiri pakati pa abambo ndi amayi ndi mano osongoka aja, makamaka a nsagwada yapansi. Anatipatsa vernier caliper, kachipangizo koyezera tinthu ting'onoting'ono, kuti tiyeze kufufuma kwa dzino losongokalo, kenako n'kugawa ndi mtunda wochokera pansonga yake kukafika pansonga ya linzake. Njirayi anaifotokoza katswiri wina dzina lake Rao ndi anzake ku India mu 1989. Nditaigwira ndekha ndinaona kuti kusiyana kwa dzino la mwamuna ndi la mkazi sikukwana n'komwe milimita imodzi. Dzanja likangonjenjemera, kapena dzinolo likakhala loperepeseka, mwamuna wamusandutsa mkazi.

N'chifukwa chake ophunzitsa anatsindika kuti mafupa a m'chiuno akapezeka, tiyambire pamenepo. Mano amathandiza pamene mafupawo palibe, komanso pa ana. Chiuno cha mwana sichionetsa kusiyana asanathe msinkhu, pomwe dzino lachikulu likangoumbika silikulanso. Apa ndinakumbukira Chilobwe, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Marichi 2023, ndi makolo omwe anafunafuna ana awo m'matope masiku ambiri. Ndinakhala chete kwa kanthawi.

Anatchulanso kuyeza amelogenin, chinthu cha m'dzino chomwe chimasiyana pakati pa amuna ndi akazi, njira yodalirika kwambiri koma yofuna labotale ndi ndalama.

Chomwe ndabwera nacho kwa inu ndi ichi. Kukula kwa mano kumasiyana malinga ndi mitundu ya anthu, choncho manambala a ku India sangagwire bwino pa munthu wa ku Nsanje kapena ku Karonga. Tikufunika miyeso yathu. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba ku Blantyre mu 2019, ndiye oti tigwirane nawo manja alipo.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wotsatira tigwirizane za fomu imodzi yolembapo mano a wodwala aliyense: ozulidwa, omatidwa ndi otsala. Ku Thailand, pambuyo pa tsunami ya 2004, mitembo yambiri inadziwika poyerekeza mano ndi zomwe madokotala analemba eni ake akadali moyo. Chitsanzo cha fomuyo ndabwera nacho, chili kwa alembi.